Chipwitikizi cha apaulendo ochokera kunyanja ku Dedza

Chipwitikizi cha apaulendo ndi mawu ndi ziganizo zochepa za chiyankhulo cha Chipwitikizi zimene zimathandiza munthu wolowa m'dziko la Mozambique kapena wodutsamo. Kwa anthu okhala kunsi kwa mapiri m'boma la Dedza, monga a ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, malire a dzikoli ali pafupi: munthu akakwera msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti kukatulukira pa Masasa, amakhala wafika pa msewu wa M1 umene mbali ina umayenda motsatira malirewo. Kutsidya kuli boma la Angónia, kumene anthu ambiri amayankhula Chichewa, kotero kumudzi ndi pamsika wapaulendo savutika kumvana ndi anthu. Vuto limayamba akafika pa ofesi ya boma, pachipatala, kwa apolisi apamsewu, kapena pamene akuwerenga mitengo ndi zikwangwani, pakuti zonsezi zimakhala m'Chipwitikizi.

Mbiri yake

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'zaka za m'ma 1530, ndipo ankachita malonda ndi ufumu wa Maravi. Likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, linali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anapeza pamalopo mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni woti katundu wa kutali ankafika m'derali. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda kuchokera ku Tete kudutsa m'dziko la Amaravi mpaka ku Kilwa.

Malire a masiku ano anachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Panganolo linagawa pakati Achewa ndi Angoni a kwa Maseko: ena anatsala ku Domwe ndi madera ena a Angónia, ena ku Ntcheu ndi ku Dedza, kuphatikizapo anthu a Kachindamoto amene anakhazikika ku Mtakataka. N'chifukwa chake mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 June 1975 linasunga Chipwitikizi ngati chiyankhulo cha boma. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri anakhala m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kalembera wa ku Mozambique wa mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dzikolo ndiwo amatha kuyankhula Chipwitikizi, ndipo ambiri a iwo ali m'matauni.

Kumene chimafunika

Kuchokera kunyanja ku Dedza pali njira ziwiri zazikulu zolowera ku Mozambique. Yoyamba ndi ya pachipata cha Dedza, chimene kutsidya chimatchedwa Calómuè. Imadutsa ku Ulongwe, likulu la Angónia, n'kukafika ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Mabasi ndi malole ena opita ku Zimbabwe ndi ku South Africa amadzera njira imeneyi, n'kukatulukira pachipata cha Cuchamano. Yachiwiri ndi yochokera pa Golomoti kulowera ku Mangochi mpaka pachipata cha Chiponde, chimene kutsidya kwake ndi Mandimba m'chigawo cha Niassa.

Chichewa chimamveka bwino ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Munthu akayandikira mzinda wa Tete amayamba kumva Chinyungwe, chimene chimafanana ndi Chisena, ndipo ku Mandimba ndi ku Lichinga ambiri amayankhula Chiyao. Komanso ogwira ntchito m'boma nthawi zambiri amatumizidwa kuchokera ku zigawo zina, kotero wapolisi kapena namwino wa ku Ulongwe akhoza kukhala wa ku Maputo kapena ku Nampula, wosamva Chichewa.

Mawu amene ali kale m'Chichewa

Woyankhula Chichewa sayambira pansi penipeni, chifukwa mawu angapo a tsiku ndi tsiku anabwerekedwa ku Chipwitikizi kalekale:

nsapato – sapato
kalata – carta
kama – cama
vinyo – vinho
chipewa – chapéu
malata – lata, kutanthauza chitini
kachasu – cachaça
kapitawo – capitão
amalinyero – marinheiro
chinanazi – ananás
mbatata – batata

Mawu ena anasintha tanthauzo atalowa m'Chichewa. Ku Mozambique, batata ndi kachewere, amene pamsika amatchedwa batata reno, pomwe mbatata ya kholowa ndi batata-doce.

Katchulidwe

Zilembo zingapo za Chipwitikizi zimawerengedwa mosiyana ndi m'Chichewa. Zilembo ch ndi x zonse zimamveka ngati sh: chapa amatchulidwa kuti "shapa", xima kuti "shima". Zilembo nh ndi ny wa Chichewa, monga mu galinha ("galinya", nkhuku), ndipo lh amamveka ngati ly, monga mu milho ("milyu", chimanga). Chilembo ç ndi s. Chilembo h chikakhala koyambirira kwa mawu sichitchulidwa. Chilembo o chikakhala kumapeto chimamveka ngati u, ndipo s wa kumapeto amamveka ngati sh: ovos, mazira, ndi "ovush". Kachizindikiro ka pamwamba pa ã ndi õ kamasonyeza kuti liwu lituluke m'mphuno, monga mu pão (buledi) ndi não (ayi). Wina akanena pão popanda kutulutsira liwu m'mphuno, amamveka ngati wanena pau, kutanthauza ndodo.

Chovuta kwambiri kwa Achewa ndi l ndi r. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la mawu, koma m'Chipwitikizi zimasintha: caro ndi chinthu chodula, carro ndi galimoto, ndipo calo ndi chikwakwalala cha pakhungu.

Kudziwa kalembedweka kumathandizanso powerenga zikwangwani zamsewu, pakuti mayina ambiri ndi a Chichewa olembedwa mwa Chipwitikizi. Ulónguè ndi Ulongwe, Dómuè ndi Domwe, Calómuè ndi Kalomwe, Zóbuè ndi Zobwe, ndipo Niassa ndi Nyasa.

Moni ndi ulemu

Monga kwathu kuno, ku Mozambique munthu sayamba kufunsa kanthu asanapereke moni, ngakhale pa ofesi.

Bom dia – moni wam'mawa
Boa tarde – moni wamasana
Boa noite – moni wausiku
Como está? – Muli bwanji?
Estou bem, e o senhor? – Ndili bwino, kaya inu bambo?
Até amanhã – Tionana mawa
Boa viagem – Muyende bwino
Sim – inde
Não – ayi

Mawu oti "zikomo" amagwira ntchito zambiri m'Chichewa, koma Chipwitikizi chili ndi mawu osiyana pa ntchito iliyonse. Pothokoza, mwamuna amati obrigado ndipo mkazi amati obrigada. Chimene chimasintha mawuwa ndi woyankhulayo, osati wothokozedwa. Podutsa pakati pa anthu kapena poodira pakhomo amati com licença. Popepesa amati desculpe. Pochonderera amati por favor kapena faz favor. Ku Mozambique kuli kapemphedwe kenanso kaulemu kofala kwambiri, estou a pedir, kutanthauza "ndikupempha": estou a pedir água ndi "ndikupempha madzi".

Kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" kuliponso. Tu ndi "iwe", wa ana ndi anzako apamtima. Kwa munthu wamkulu kapena wa udindo amati o senhor kwa bambo ndi a senhora kwa mayi. Pamsika ndi m'minibasi anthu amaitanana ndi mawu achibale monga momwe zilili ku Malawi: mãe kapena mamã kwa mayi, pai kapena papá kwa bambo, tio ndi tia kwa amene ali ngati amalume ndi azakhali, mano ndi mana kwa achimwene ndi achemwali. Wapolisi kapena wogwira ntchito pachipata kawirikawiri amatchedwa chefe, monga mmene Amalawi amanenera kuti "bwana".

Mawu akasowa, ziganizo izi zimapulumutsa:

Não percebo – Sindikumva
Fale devagar, por favor – Yankhulani pang'onopang'ono chonde
Pode repetir? – Mungabwerezenso?
Pode escrever? – Mungandilembere?
Sou do Malawi – Ndine wa ku Malawi
Há alguém que fala Chichewa? – Alipo woyankhula Chichewa?

M'mabuku a boma la Mozambique chiyankhulochi chimatchedwa Cinyanja kapena Nyanja, kotero dzina limenelo limamveka msanga kwa ogwira ntchito ochokera kutali.

Manambala ndi ndalama

Amalawi ambiri amawerenga ndalama m'Chingerezi ngakhale akuyankhula Chichewa. Achewa a ku Angónia nawonso amawerenga m'Chipwitikizi. Motero anthu awiri akhoza kumvana bwinobwino pa zonse, n'kusokonezana pa mtengo pokha. Pa chifukwa chimenechi manambala ndiwo mawu oyamba amene wamalonda amafunika kuloweza.

1 um, 2 dois, 3 três, 4 quatro, 5 cinco, 6 seis, 7 sete, 8 oito, 9 nove, 10 dez
11 onze, 12 doze, 13 treze, 14 catorze, 15 quinze
20 vinte, 30 trinta, 40 quarenta, 50 cinquenta, 60 sessenta, 70 setenta, 80 oitenta, 90 noventa
100 cem, 200 duzentos, 500 quinhentos, 1000 mil

Manambala amalumikizidwa ndi e, amene amamveka ngati i: 25 ndi vinte e cinco, 150 ndi cento e cinquenta. Amene amasokoneza kwambiri khutu losazolowera ndi sessenta ndi setenta, dois ndi doze, komanso três ndi treze. Pokayikira, ogula ambiri amangopempha wogulitsa kuti alembe mtengo papepala kapena pafoni.

Ndalama ya ku Mozambique ndi metical, zikachuluka meticais. Inalowa m'malo mwa escudo mu 1980, ndipo mu 2006 boma linachotsa maziro atatu, kotero 1000 ya kale inasanduka 1. Anthu ena amatchulabe mitengo ndi mawu akale oti conto: dez contos ndi 10 meticais. Polemba, kadontho ndi kakoma zimasinthana malo poyerekeza ndi kalembedwe ka ku Malawi: 1.500,00 MT ndi mameticais 1500.

Quanto custa? – Ndi zingati?
É muito caro – Zadula kwambiri
Pode baixar um pouco? – Mungatsitseko pang'ono?
Qual é o último preço? – Mtengo womaliza ndi uti?
Não tenho troco – Ndilibe chenje
saco – thumba
lata – chitini kapena ndowa yoyezera
milho, feijão, arroz, peixe, sal – chimanga, nyemba, mpunga, nsomba, mchere

Masiku ndi nthawi

Masiku a sabata ndi msampha weniweni kwa woyankhula Chichewa, chifukwa ziyankhulo zonse ziwiri zimawerenga masiku ndi manambala koma zimayambira posiyana. Chichewa chimayamba kuwerenga Lolemba, Chipwitikizi chimayamba Lamulungu.

Lolemba – segunda-feira
Lachiwiri – terça-feira
Lachitatu – quarta-feira
Lachinayi – quinta-feira
Lachisanu – sexta-feira
Loweruka – sábado
Lamulungu – domingo

Segunda amatanthauza "lachiwiri" ndipo quinta amatanthauza "lachisanu". Munthu amene wauzidwa kuti abwere quinta-feira, n'kumasulira mawuwo monga alili, adzafika Lachisanu, tsiku limodzi mochedwa. Chimodzimodzinso sábado ndi Loweruka lokha. Sabata ya masiku 7 ndi semana, ndipo Lamulungu, limene Akhristu ambiri ku Malawi amati tsiku la Sabata, ndi domingo.

Nthawi ya ku Mozambique ndi yofanana ndi ya ku Malawi, koma imatchulidwa mpaka 24: 2 koloko masana ndi catorze horas, 6 koloko madzulo ndi dezoito horas. Hoje ndi lero, ontem ndi dzulo, amanhã ndi mawa. Mawu oti manhã, opanda a koyambirira, ndi m'mawa, kotero amanhã de manhã ndi "mawa m'mawa".

Pachipata ndi pamsewu

Pachipata pamakhala maofesi awiri ofunika: Migração, yoona za anthu olowa ndi otuluka, ndi Alfândega, yoona za katundu ndi msonkho. Entrada ndi polowera, saída ndi potulukira. Mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri ndi awa:

Para onde vai? – Mukupita kuti?
De onde vem? – Mukuchokera kuti?
Quantos dias vai ficar? – Mukakhala masiku angati?
O que leva aí? – Mwanyamula chiyani?

Mayankho ake ndi aafupi: vou para Tete (ndikupita ku Tete), estou em trânsito (ndikungodutsa), vou visitar a família (ndikukaona abale), vou a um funeral (ndikupita kumaliro). Mawu oti carimbo amatanthauza chidindo, ndipo wapaulendo ayenera kuonetsetsa kuti chadindidwa mu pasipoti ndi kuwerenga tsiku limene lalembedwapo, chifukwa kupitirira masiku kumabweretsa chindapusa.

Magalimoto ku Mozambique amayenda kumanzere monga ku Malawi. Apolisi apamsewu amafunsa dalaivala carta de condução (laisensi), livrete (kabuku ka galimoto), seguro (inshuwalansi), triângulos ndi colete, chovala chowala chija chimene lamulo limafuna kuti chikhale m'galimoto. Multa ndi chindapusa ndipo recibo ndi lisiti. Wolipira amati peço recibo, "ndikupempha lisiti".

Onde fica a paragem? – Siteji ili pati?
Este chapa vai para Ulongwe? – Minibasi iyi ikupita ku Ulongwe?
A que horas sai? – Inyamuka nthawi yanji?
Vou descer aqui – Nditsika pano
esquerda, direita, em frente – kumanzere, kumanja, kutsogolo
perto, longe – pafupi, kutali
proibido, perigo, fechado, aberto – n'zoletsedwa, ngozi, potseka, potsegula

Matenda ndi ngozi

Estou doente – Ndikudwala
Tenho febre – Thupi latentha
Dói-me a cabeça – Mutu ukundipweteka
Dói-me a barriga – M'mimba mukundipweteka
Estou grávida – Ndili woyembekezera
A criança está a vomitar – Mwana akusanza
Onde fica o centro de saúde? – Chipatala chaching'ono chili pati?
Socorro! – Thandizeni!
Perdi o passaporte – Ndataya pasipoti
Roubaram-me – Andibera

Malungo ndi malária, mankhwala ndi medicamento, piritsi ndi comprimido. Pa kapepala ka mankhwala, duas vezes por dia ndi kawiri pa tsiku, três vezes ndi katatu, antes de comer ndi musanadye, depois de comer ndi mutadya. Polisi siteshoni ndi esquadra. Munthu amene wapatsidwa chikalata choti asaine koma sakuchimva angathe kunena kuti preciso de um intérprete, "ndikufunika womasulira". Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Maputo ndi ofesi ina yoimira nzika zake mumzinda wa Tete.

Mawu a ku Mozambique ndi mawu onyenga

Chipwitikizi cha ku Mozambique chili ndi mawu amene sapezeka m'mabuku ophunzirira a ku Portugal kapena ku Brazil: chapa ndi minibasi, machimbombo ndi basi yaikulu, txopela ndi kagalimoto ka matayala atatu, machamba ndi munda, capulana ndi chitenje, xima ndi nsima, caril ndi ndiwo za msuzi, mata-bicho ndi chakudya cham'mawa, ndipo maningue ndi "kwambiri".

Mawu ena amamveka ngati a Chichewa koma tanthauzo lili kwina. Sopa ndi supu. Sopo ndi sabão. Bola ndi mpira, bala ndi chipolopolo, sala ndi chipinda. Amene anaphunzira Chingerezi amanyengeka ndi puxe wolembedwa pachitseko, amene amamveka ngati mawu a Chingerezi oti "kankha" pomwe amatanthauza "koka". Constipação ndi chimfine.

Ubale ndi Chisipanishi

Chipwitikizi ndi Chisipanishi zonse zinachokera ku Chilatini ndipo zinakulira moyandikana, kotero wodziwa mawu ali pamwambawa amakhala wadziwa kale mbali ina ya Chisipanishi cha apaulendo. Chisipanishi ndi chiyankhulo cha boma ku Spain, m'mayiko ambiri a ku Latin America monga Mexico, Cuba ndi Argentina, komanso ku Equatorial Guinea mu Africa. Ku Mozambique kuli anthu ena ochiyankhula chifukwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ana asukulu ambiri anatumizidwa kukaphunzira ku Cuba, ndipo madokotala a ku Cuba akhala akugwira ntchito m'zipatala za dzikolo.

Bom dia – Buenos días
Boa noite – Buenas noches
Por favor – Por favor
Quanto custa? – ¿Cuánto cuesta?
Onde está? – ¿Dónde está?
água, pão, vinho, sapato – agua, pan, vino, zapato
sim, não – sí, no
obrigado – gracias

Katchulidwe ka Chisipanishi n'kosavuta kwa Mchewa kuposa ka Chipwitikizi, chifukwa chili ndi mavawelo 5 okha, a, e, i, o, u, otchulidwa monga m'Chichewa, ndipo chilibe mavawelo a m'mphuno. Chilembo ñ ndi ny, ndipo j amamveka ngati h wokhadzula. Masiku a sabata sawerengedwa ndi manambala: Lolemba ndi lunes, Lachiwiri martes, Lachitatu miércoles, Lachinayi jueves, Lachisanu viernes, pomwe sábado ndi domingo n'chimodzimodzi m'ziyankhulo zonse ziwiri. Oyankhula Chipwitikizi amamva Chisipanishi mosavuta kuposa mmene oyankhula Chisipanishi amamvera Chipwitikizi.

Mmene anthu amaphunzirira

Anthu ambiri a ku Dedza amene amadziwako Chipwitikizi anachitolera pamsika, kwa abale a kutsidya, pa maganyu kapena pa ntchito yoyendetsa malole. Misika ya m'malire monga wa ku Lizulu ndi malo amene manambala ndi mayina a katundu amamveka m'ziyankhulo zonse ziwiri. Wailesi ya boma ya Rádio Moçambique imaulutsa kuchokera ku Tete m'Chipwitikizi, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndipo womvera nkhani imodzi m'ziyankhulo ziwiri amaphunzirapo mawu. Kuyambira mu 2003 sukulu zina za pulayimale ku Mozambique zimaphunzitsa ana m'ziyankhulo za makolo awo pamodzi ndi Chipwitikizi, ndipo Chinyanja ndi chimodzi mwa ziyankhulozo.